Wamisala anaona nkhondo, nanga inu anzeru a m'tauni munaona chiyani?

Abale anga a m'tauni, lero ndalemba za inu. Inu a ku Kawale, a ku Biwi, a ku Chinsapo, a ku Area 23, a ku Area 25 ndi inu a ku Mgona, amene mumabwera kuno kumudzi tikakolola mutanyamula matumba opanda kanthu, n'kubwerera ndi chimanga, mtedza, nkhuku, komanso mwana wa munthu woti azikakuchapirani zovala. Werengani mpaka pansi, musathamangire kukalemba makomenti musanamalize. Anzanga a kuno kumudzi nanunso tcherani khutu, chifukwa ana ndikunenawa ndi a m'mudzi mwathu muno.

Ndiyamba ndi filimu. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka kuti mdala uja zamuthera, wayamba za ana. Sekani, palibe kanthu.

Filimuyo dzina lake A Shot in the Dark. Inatuluka mu 1964, chaka chomwe dziko lathu linalandira ufulu, ndiye kuti ndi yaikulu kuposa ine amene ndikulemba pano. Anaikonza ndi Blake Edwards, ndipo mwini sewero ndi Peter Sellers wa ku Mangalande, amene anamwalira mu 1980. Iyeyu amakhala ngati wapolisi wofufuza milandu wa ku France, wa CID tingoti, dzina lake Inspector Clouseau. Dzinalo musalimbane nalo, potchula amati Kuluzo. Amene mumadziwa Mr Bean, uyu ndi gogo wake, kungoti uyu anamupatsa ofesi ndi mphamvu zomanga anthu. Ine ndinaionera kwa mlamu wanga nthawi ya msika wa fodya, ndikudikira mabelo anga kuti alowe ku okushoni ku Kanengo. Chizungu changa ndi cha Sitandade 7, ndiye mwana wa pakhomopo ndi amene ankandimasulira. Anandiikiranso pa memori kadi, moti pano ndaibwereza kanayi.

Nkhani yake ili chonchi. Kuli chinyumba cha mpondamatiki wina, bambo Ballon. Zipinda zosawerengeka, antchito mbwee, wophika, woperekera zakudya, wa m'maluwa, madalaivala, atsikana okonza m'nyumba. Usiku wina mfuti yalira. Dalaivala wina, Miguel, wafa. Wafera kuti? M'chipinda cha mtsikana wantchito, Maria. Anthu polowa apeza mfuti ili m'manja mwa Mariayo. Antchito anzake akuchitira umboni kuti malemuyo anali chibwenzi chake ndipo ankamumenya. Bwana, adona ndi antchito ena onse aliyense ali ndi ponena pomwe anali nthawi imeneyo. Mlandu watha eti? Ngakhale mwana wa Sitandade 1 angaloze wolakwa.

Ndiye kukubwera Clouseau. Kungotsika galimoto pakhomo la bwana, phazi loyamba waponda m'dziwe la madzi lokongoletsera pabwalo, khuvuu! Akulowa m'nyumba ya anthu olemera akudontha madzi ngati nkhuku yovumbwa, koma chifuwa chili patsogolo, ndevu zake zili chilili, ngati palibe chachitika. Akufunsa mafunso, inki ya cholembera yamudetsa pakamwa. Wayatsira mtsikana uja ndudu, choyatsiracho n'kuchibweza m'thumba chisanazime, jekete yagwira moto. Asanamalize za motowo wina watsegula chitseko, chamukankha, wagwera kunja kudzera pawindo. Tsiku lina akusewera pulu ndi bwana Ballon, wang'amba nsalu ya patebulo, ndodo zonse wagwetsa, potuluka waphonya khomo wakagunda khoma. Kunyumba kwake ali ndi wantchito, Kato, amene anamulamula yekha kuti azimuukira mwadzidzidzi nthawi ina iliyonse kuti azikhala tcheru. Ndiye usiku akugona, Kato wamugwira pakhosi, akugubuduzana, mipando kuthyoka, foni ikangolira Kato n'kusiya ndewu, kukayankha mwaulemu kuti kuno ndi kwa Inspector Clouseau. Ine pamenepo ndinaseka mpaka mlamu anatuluka kuchipinda kudzaona ngati ndakomoka.

Koma tamverani chimene chitsiru chimenechi chinachita. Chinaika umboni wonse pamzere pamaso pa wothandizira wake, mfuti, chipinda, mboni, n'kumufunsa kuti ndiye wapha ndani? Wothandizira uja, munthu wanzeru zake, anati Maria. Clouseau anamukalipira, anati ayi, mtsikanayu sanaphe munthu, pali amene akumubisa. Anamutulutsa m'chitokosi. Posakhalitsa wa m'maluwa wapezeka atafa, Maria ali pomwepo, chisizasi cha magazi kumanja. Amumanganso. Clouseau wamutulutsanso. Wafanso wina, amumanganso, wamutulutsanso. Bwana wake wa kupolisi, Dreyfus, mpaka diso linayamba kuphethira lokha ndi mkwiyo, mutu unasokonekera.

Mapeto ake? Clouseau anasonkhanitsa onse a m'nyumba muja pabalaza, iye osadziwa n'komwe wolakwa, kungowaopseza kuti ndikumudziwa. Anthu aja anayamba kulozana zala okhaokha. Zinaululika kuti amene anaombera dalaivala ndi adona, mkazi wa bwana, chifukwa cha nsanje, ankafuna kugwira mwamuna wawo. Amene anaika mfuti m'manja mwa mtsikana atakomoka ndi bwana mwini wake, pofuna kuteteza mkazi wake. Enawo anaphana chifukwa cha zibwenzi ndi kuopsezana kuti ndikuulula. Nyumba yonse inali yovunda. Woyera m'manja anali mtsikana uja amene aliyense anamuweruza tsiku loyamba.

Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Tsono ndikufunseni inu anzeru, inu a ma digiri ndi ma dipuloma, inu ovala tayi popita ku Capital Hill ndi inu ogulitsa masipeyala ku Biwi: pakhomo panu pakasowa kanthu, mumayamba kusecha chikwama cha ndani?

Musayankhe, ndikudziwa.

Chaka chatha mwana wa mayi wina wamasiye wa m'mudzi muno anatengedwa ndi wachibale kupita ku Area 23. Mtsikana wa zaka 16. Polankhula pano anati akamulowetsa sukulu, azikangothandiza pang'ono pakhomo. Sukuluyo sanaione. Ankadzuka 4 koloko kukaima pamzere wa madzi pa kiyosiki, kubwera kukoleza mbaula, kusambitsa ana, kuchapa, kukolopa, madzulo kukagulitsa mandasi a adona pamsewu. Tsiku lina ndalama za lendi zimene anazisunga m'kabati zasowa. M'nyumbamo munali anthu asanu ndi awiri. Anasechedwa ndi mmodzi. Anamukhuthulira chikwama pabwalo anthu a pa lendi akuonerera, anamuvula kuti aone ngati wabisa m'kati, anamumenya ndi lamba, usiku umenewo anagona pakhonde. M'mawa anapita naye kwa mneneri wina, ndipo mneneriyo atayang'ana anthu amene abwera, n'kuona amene wavala masilipasi oduka ndi maso otupa, anati mzimu ukundionetsa mtsikana. Inde, nanga mzimu ukanaonetsa amene wabweretsa chopereka? Anamukweza minibasi opanda malipiro a miyezi isanu, akuti abweze pamenepo.

Patangotha masabata atatu zinadziwika. Anatenga ndi mnyamata wa m'nyumba momwemo, mwana wobereka okha, anakabetchera mpira. Mnzake amene anadya naye ndi amene anaulula atakangana. Kodi alipo anabwera kuno kudzapepesa? Kodi malipiro aja anatumiza? Mpaka lero zii. Anangoti nkhani za pabanja tisazitulutse. Pamene ankamuvula mwana wa mwini pabwalo sizinali zotulutsa, koma pamene wakuba wapezeka kuti ndi wawo, mwadzidzidzi aphunzira kusunga chinsinsi. Khoswe akakhala pamkute sapheka, timadziwa. Koma mtsikana uja kuno akapita kumjigo, amayi ena amasuntha ndowa zawo. Dzina lakuba silichoka ndi sopo.

Sinditchula dzina la banjalo. Akudzidziwa, ndipo ndikudziwa kuti amawerenga zimene ndimalemba chifukwa chithunzi cha nkhumba zanga anachikonda.

Wina anena kuti, aaa atsibweni, Clouseau uja sanakane chifukwa cha nzeru, anangomukonda mtsikanayo, anali wokongola. Zoona, filimu sikubisa zimenezo, mkulu uja mtima unagwa tsiku loyamba. Ndiye ine ndikuti chabwino. Iye anali ndi chifukwa chopusa chomukhulupirira mtsikana. Inu muli ndi chifukwa chanji chomukayikira? Chanu n'chanzeru? Mumamukayikira chifukwa ndi wosauka, chifukwa alibe womuyankhulira pafupi, chifukwa kumumenya iye sikubweretsa msonkhano wa banja. Kumufunsa mwana wanu kumawawa, kuwafunsa amuna anu kuti ndalama zija simunapatse kodi mayi uja wa ku Chinsapo kungathetse ukwati. Ndiye mumasankha wofewa. Kumeneko si kufufuza ayi. Fisi naye posankha mbuzi m'khola sayamba ndi tonde wa nyanga.

Ndipo taonani chimene chinachitika chifukwa choti chitsiru chija chinakana kutseka mlandu. Nthawi inapita, olakwa anatekeseka, anayamba kudziulula okha. Akanamumanga Maria tsiku loyamba n'kutaya kiyi, bwana ndi adona akanapitiriza kumwa tiyi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu munauphunzira ku pulayimale ngati ine, koma ukafika pa foni yanu yosowa mumauiwala.

Pali kanthu kena mu filimuyi kamene ambiri sakaona chifukwa chotanganidwa ndi kuseka. Dreyfus atamuchotsa Clouseau pamlanduwo, lamulo linachokera kumwamba kuti ayi, mubwezereni yemweyo. Anthu akuluakulu ankafuna chitsiru. Chifukwa chiyani? Munthu amene ali ndi chobisa safuna wofufuza wakuthwa. Ankaganiza kuti wogwera m'madziyu sangawapeze. Ifenso m'dziko muno taona mafayilo akusowa, mboni zikudwala, milandu ya anthu a mimba zazikulu ikuyenda ngati kamba pamene wakuba nkhuku sabata yomweyo ali kale ku Maula. Za Cashgate ya 2013 mukuzikumbuka, ndalama za boma zikupezeka m'mabuti a galimoto. Sanabe ndi atsikana antchito ajatu. Koma izo ndi za tsiku lina.

Filimu yoyamba ya Clouseau, The Pink Panther ya 1963, ndiye imanena mosapsatira. Pink Panther si nyama ija ya pinki ya m'makatuni imene ana amaonera, ndi dzina la mwala wa dayamondi wa mwana wamkazi wa mfumu ina. Clouseau wakhala zaka akusaka mbava yotchuka yoba miyala yamtengo wapatali, ndipo amadabwa kuti mbavayi imadziwa bwanji mapulani ake onse. Osadziwa kuti mkazi wake yemwe, amene amagona naye bedi limodzi, ndi chibwenzi cha mbavayo. Pali pena mbava ili pansi pa bedi, ina yabisala kubafa, mwini nyumba akuyendayenda m'chipinda momwemo akukamba za mmene adzaigwirire. Pomaliza kukhoti amutchera msampha, akutulutsa kampango m'thumba kuti apukute thukuta, dayamondi uja ali lende pa kampangoko. Womangidwa ndi iyeyo, mbava zenizeni zikupita kokasangalala. Inu bambo a ku Kawale amene mwasintha atsikana antchito anayi chaka chimodzi, aliyense akuti ndi wakuba, koma zinthu zikusowabe, simunaganizepo zosuzumira pansi pa bedi?

Tsopano ndiyankhe amene akonzeka kale kulemba kuti, mdala iwe sudziwa za m'tauni, antchito amabadi. Ndikudziwa. Sindinabadwe dzulo. Alipo atsikana anathawa ndi zovala za adona, alipo anyamata anatsegulira mbava geti usiku. Kuno kumudzi akuba aliponso, chaka chino andithyolera chimanga chachiwisi mizere isanu ndi umodzi, ndipo mbuzi timagona nazo m'nyumba. Kuberedwa kumawawa, makamaka ndalama ya lendi, landilodi samva zoti zasowa. Sindikunena kuti wantchito asafunsidwe. Ndikunena kuti afunsidwe pamodzi ndi ena onse, mofanana, ndi pakamwa osati ndi lamba. Mukasecha chikwama chake, sechaninso matumba a jini ya mwana wanu, muonenso mu foni mwake kuti ndalama zobetchera anazitenga kuti. Ndipo ngati mwamugwiradi ndi umboni, njira ilipo. Mfumu ya m'dera ilipo, polisi ilipo ku Kawale, ku Kanengo, ku Area 3. Dziko lino lili ndi malamulo.

Malamulowo ine wa Sitandade 7 ndikukumbutseni inu ophunzira. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42, amati munthu womangidwa apite naye kukhoti pasanathe maola 48, ndipo amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Sanalembe kuti kupatula wantchito wa pakhomo. Kuyambira 2017 malamulo omwewo amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ndiye mtsikana wa zaka 16 amene munamuvula pabwalo uja, pamaso pa boma munavula mwana, ndipo akanapita ku Victim Support Unit, amene akanagona m'chitokosi ndi inu. Za malipiro, boma limaika ndalama yochepetsetsa yolipira wantchito wa pakhomo, ndipo palibe lamulo lokulolani kudziweruzira nokha kuti miyezi isanu yapita chifukwa mwakayika. Za kwa mneneri ndi kwa sing'anga nazo, lamulo la za ufiti la 1911 linaletsa kumwetsa mwavi ndi kuyesa munthu ndi moto kapena madzi otentha. Mwavi unaletsedwa zaka zoposa 100 zapitazo, inu mwangousintha dzina, mwauveka suti yonyezimira ndi maikolofoni.

Chimene chimandiopsa n'chakuti mtima womwewu wofuna wolakwa msangamsanga sukhala pakhomo pokha. Umatuluka kupita kumsika. Munthu angokuwa kuti wakubaaa pa depoti kapena mumsika wa Nsungwi, anthu amathamangira amene akuthamanga. Palibe amafunsa kuti waba chiyani, kwa ndani, mwamuona ndani. Wina wanyamula kale mwala, wina akufunafuna tayala ndi petulo. Mnyamata wa kumudzi amene wangofika kumene kudzayendetsa kabaza, sadziwa njira, akamva phokoso amathawa ndi mantha, ndipo kuthawako ndiye umboni wake wonse. Clouseau akalakwitsa amagwa yekha pawindo, amadzuka, amakonza chipewa, ife n'kuseka. Ma Clouseau a pamsika akalakwitsa, kuno kumabwera bokosi, ndipo amatiuza kuti musatsegule.

Ife a kumudzi tisanyadenso ayi. Mu Januwale 2016 ku Neno agogo anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo chifukwa mphenzi inapha mtsikana, akuti anaitumiza ndi iwowo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe mpaka ku Blantyre, anthu ongodutsa ndi chikwama kumsana. Amene anapopedwa magazi sanaoneke ndi mmodzi yemwe. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo anthu anafa.

Ngakhale ovala yunifolomu matenda amenewa amawagwira. Mu filimu muja, Clouseau akamamutsatira Maria mobisa amadzisintha, tsiku lina wogulitsa zibaluni, tsiku lina wojambula zithunzi pamsewu, tsiku lina mlenje. Ulendo uliwonse apolisi anzake amamunyamula m'galimoto ya polisi chifukwa alibe laisensi, wakupha anthu ali phee kunyumba. Anthu amaseka, koma mavenda a mu Lilongwe sangaseke kwambiri pamenepo. Kumbukirani Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre, amene anamangidwa mu 2015 akuyenda m'bandakucha kupita ku Limbe kukagulitsa malonda ake, akuti vakabu. Munthu ameneyu sanagonje, anapita kukhoti lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 khoti linagamula kuti ndime imene anamumangira ija ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Wogulitsa majumbo anagwetsa lamulo la atsamunda. Kumbukiraninso Buleya Lule, amene anafera m'manja mwa apolisi mu Lilongwe momwemo mu Febuluwale 2019, akumuganizira pa nkhani ya kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa ku Dedza. Bungwe la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti anazunzidwa, ndipo patapita zaka khoti linapeza apolisi ena olakwa pa imfa yake. Kaya ankadziwa kanthu kaya ayi, zonse anapita nazo kumanda. Kumenya sikutulutsa choonadi. Munthu ukamuthira lamba mokwanira amavomera ngakhale kuti ndi iye anaba mvula ya chaka chatha.

Mu filimu muja amene anapha anthu osalakwa ambiri si chitsiru ayi. Ndi Dreyfus, bwana wanzeru, wa ofesi yaikulu, amene ankangofuna fayilo itsekedwe. Mkwiyo utamukwera anayamba kumusaka Clouseau usiku kuti amuphe, ndipo pomuphonya anapha anthu anayi ongodziyendera. Pomaliza anatchera bomba m'galimoto ya Clouseau, koma amene anakweramo pothawa ndi banja la Ballon lija ndi antchito awo opha anzawo. Ndiye mukamaseka, muziona bwino kuti pa anthu awiriwa inu mwafanana ndi uti.

Ena amati mafilimu otere ndi otayitsa nthawi, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, kumaonera mzungu akuyenda wadziphimba ndi gitala kumalo a anthu osavala. Pamenepo ndivomereze kuti ana aang'ono muziwatuma kukatunga madzi, ngakhale palibe chimene chimaoneka. Koma zoti nthabwala ndi zachabe ndikukana. Ife tinakula ndi Kapalepale pa wailesi ya MBC. Malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, ankanena zinthu zimene mfumu ikanaopa kunena pabwalo, anthu n'kumaseka misozi ili mbwee, pobwerera kunyumba aliyense akudzifunsa. Manganya wa mu Tikuferanji, a Michael Usi, anachoka pa sewero mpaka kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Munthu ukamulalikira amatseka makutu, ukamuseketsa amatsegula pakamwa, mankhwala n'kulowa. N'chifukwa chake ndikupempha anyamata amene mumamasulira mafilimu m'Chichewa, amene timawaonera m'mavidiyo sho a ku Mgona ndi ku Chinsapo: mwatipatsa okwanira a karate ndi a mfuti, tamasulirani iyi. Clouseau mumupatse Chichewa cha mkulu wodzimva wa ku Area 30, Maria mumupatse cha kwathu kuno cha ku Mitundu, adona a Ballon muwapatse chija chosakaniza ndi chizungu cha amayi a m'mipanda. Muone ngati anthu sadzazindikirana.

Makolo a kuno kumudzi, mawu anga kwa inu ndi owawa pang'ono. Wachibale akabwera ndi shuga wa pa kilo ndi chitenje chimodzi, ena mumapereka mwana ngati mukupereka nkhuku ya mlendo. Simufunsa kuti akagona pati, akalandira zingati, sukuluyo dzina lake chiyani. Mwana akabwezedwa ndi mbiri yakuba, ena mumayamba ndi kumukalipira kuti watichititsa manyazi kwa abale olemera, musanamve n'komwe mbali yake. Mukuopa kuti thumba la feteleza limene amakutumizirani lisiya kubwera. Ndikumvetsa, feteleza wafika podula mosaneneka, ndipo makuponi safikira aliyense. Koma mwana wanu akakhala ndi mlandu m'tauni alibe loya, alibe mboni, alibe ngakhale Clouseau womugwera m'chikondi. Ali ndi inu basi. Inunso mukakhala mbali ya adona, atsala ndi ndani?

Ine monga mwini mbumba ya kwathu ndakhala pansi ndi alongo anga, ndipo tagwirizana. Wofuna mwana wa mbumba imeneyi kuti akathandize pakhomo abwere yekha, osatuma uthenga pa WhatsApp. Tikakhala pamaso pa nyakwawa, tilembe m'kope malipiro ake ndi tsiku lolandira. Wosakwana zaka 18 sapita kukagwira ntchito, akapita ndiye kuti ndi sukulu, ndipo teremu ikatha tiziona lipoti ndi maso athu. Mwanayo akhale ndi kafoni kake, ngakhale ka mabatani, ndipo musamulande. Kanthu kakasowa pakhomo, musanamukhudze, musanapite naye kwa mneneri, imbirani ine. Ndikwera minibasi ya m'mawa, thiransipoti ndilipira ndekha, tidzakhale pabalaza tonse, bambo, mayi, ana anu, alamu ogona pa sofa ndi mwana wathuyo, ndipo mafunso adzayambira kwa wamkulu kutsika m'munsi. Akapezeka kuti wabadi, mbuzi yanga idzalipira. Akapezeka kuti sanabe, mudzabwera kuno kudzanena pamjigo, pamaso pa amayi aja osuntha ndowa.

Mlamu wina wandiuza kale kuti ndi malamulo amenewa palibe adzatenge mwana kwathu, akatenga ku midzi ina. Akatenge. Koma midzi inayo nayonso ili pa Facebook pano, ndipo ndikupempha a ku Nathenje, a ku Nsaru, a ku Kasiya ndi a ku Malingunde kuti mugawireko anzanu zimenezi.

Banja la ku Area 23 lija, malipiro a miyezi isanu akudikirabe. Nambala ya mayi ake a mwana muli nayo, ndi yomwe munaimbira pomufuna. Mpamba ndi Airtel Money zonse zimafika kuno, ejenti ali pa sitolo ya pamphambano.

Loweruka likubwerali madzulo tionetsa filimuyi pa sitolo pomwepo, mwana wa mlongo wanga wavomera kumasulira. Mipando ndi yochepa, bwerani ndi mikeka, ndipo aliyense aponyeko kangachepe ka mafuta a jenereta.